Ndalama Zochepa, Chaka Chachitali: Ndi Njira Iti Yogawira Ndalama Ingakufikitseni ku Disembala?

Banja losowa siligwa kawirikawiri chifukwa cha zogula za tsiku ndi tsiku. Zimenezo anthu amazidziwa bwino, amasinira, amadziwa kumene kuli kotchipa. Chimene chimagwetsa banja ndi zolipira zikuluzikulu zobwera kamodzi kapena katatu pa chaka: fizi ya ana, denga lodontha, matenda, ulendo wadzidzidzi, nsapato za ana onse kuthera mwezi umodzi. Choncho ine poyeza njira iliyonse yoyendetsera ndalama zapakhomo ndimafunsa funso limodzi: mwezi woipitsitsa wa chaka ukafika, njira imeneyi idzakhala itakusungirani kanthu?

Ofufuza anayi, Daryl Collins, Jonathan Morduch, Stuart Rutherford ndi Orlanda Ruthven, anasonkhanitsa nkhani za ndalama za mabanja osauka oposa 250 ku Bangladesh, India ndi South Africa. Mabanjawo ankayenderedwa milungu iwiri iliyonse kwa chaka, ndipo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka inkalembedwa. Zimene anafalitsa mu 2009 zinaonetsa kuti kuchepa kwa ndalama kunali mbali imodzi chabe ya vutolo. Ndalamazo zinkabwera modumphadumpha, tsiku lake losadziwika, ndipo malo odalirika ozisungiramo anali osowa. Njira zambiri zimene timamva zinapangidwira munthu wolandira malipiro ofanana mwezi ndi mwezi, amene amatsala ndi kenakake akalipira zonse. Tiyenera kuziyeza tikudziwa zimenezo.

Kugawa ndi maperesenti

Njira yotchuka kwambiri ndi ya 50/30/20, imene Elizabeth Warren ndi mwana wake Amelia Warren Tyagi anaifalitsa ku America mu 2005. Pa ndalama zimene mwatsala nazo msonkho utadulidwa, 50 peresenti ipite ku zofunika, 30 ku zokhumba mtima, 20 ku zosunga ndi kubweza ngongole. Ndi yosavuta kukumbukira, ndipo kwa munthu wopeza bwino ndi chiyambi chabwino.

Kwa banja limene likuvutika, njirayi imafa isanayambe. Kale mu 1857 katswiri wa ziwerengero wa ku Germany, Ernst Engel, atapenda mmene mabanja a anthu ogwira ntchito ku Belgium ankagwiritsira ntchito ndalama, anapeza kuti banja likamasauka, gawo la ndalama zake lopita ku chakudya limakula. Mpaka lero zimenezi sizinasinthe. Pamene chakudya ndi lendi zokha zikumeza 80 kapena 90 pa 100 iliyonse, kuuza munthu kuti zofunika zisapitirire theka n'kungomupweteka mutu. Amayesa mwezi umodzi, zimakanika, n'kuyamba kudziona wosasamala chonsecho vuto ndi la masamuwo. Chimodzi chokha choyenera kutolapo ndi ichi: chosunga chichotsedwe tsiku limene ndalama yalowa, osadikira zotsala. Kaya ndi 2 peresenti, kaya ndi 3.

Kulemba chilichonse chimene mwagula

Ku Japan mabanja akhala ndi kabuku kolembamo ndalama zapakhomo kotchedwa kakeibo kuyambira 1904, pamene mtolankhani wamkazi Hani Motoko anakayambitsa. Mfundo yake ndi yomwe aliyense amene ali ndi kope ndi cholembera angachite: madzulo kulemba zonse zimene zatuluka, pakutha pa mwezi n'kuphatikiza. Mapulogalamu a pafoni ogwira ntchito yomweyi ndi ochuluka, koma sasiyana ndi kope, kungoti amaphatikiza okha.

Phindu la njirayi ndi lakuti imaulula. Pafupifupi banja lililonse limene lalembapo kwa miyezi iwiri limapeza bowo limene silinkalidziwa: ndalama zodulidwa potumiza ndi potapa ndalama, maulendo awiri okagula zinthu pamene umodzi ukanakwana, zakudya zapanjira chifukwa chochoka pakhomo osadya. Koma kope limanena za dzulo. Silingakuletseni kugula lero, ndipo za fizi ya miyezi inayi ikubwerayi silidziwa kanthu.

Palinso mtengo wina umene anthu sautchula. Mu 2013 ofufuza Anandi Mani, Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi Jiaying Zhao anafalitsa zotsatira za mayeso a kaganizidwe amene anapatsa alimi a nzimbe 464 ku Tamil Nadu, m'dziko la India. Alimi omwewo anakhoza bwino atakolola ndi kulandira ndalama kusiyana ndi asanakolole, pamene matumba anali opanda kanthu. Nkhawa ya ndalama imadya nzeru. Munthu amene mutu wake wadzaza kale ndi maganizo a mawa, n'zovuta kuti apirire ntchito yolemba katsatanetsatane usiku uliwonse kwa chaka. Lembani miyezi iwiri kapena itatu kuti mudziwe kumene ndalama zanu zimapita. Mukadziwa, kope lagwira ntchito yake, mutha kulipumitsa.

Kupatsa ndalama iliyonse ntchito, kuyambira pa chaka chonse

Njira iyi inachokera m'makampani. Peter Pyhrr, amene ankagwira ntchito ku Texas Instruments, anaifotokoza mu 1970: m'malo motenga bajeti ya chaka chatha n'kuwonjezerapo pang'ono, yambani pa ziro, ndipo chinthu chilichonse chionetse chifukwa chake chikuyenera ndalama. Pakhomo zimatanthauza kuti ndalama isanalowe mwaipezera kale kopita, moti zolowa mukachotsapo zonse zimene mwakonza sipatsala kanthu koyendayenda.

Ambiri amachita zimenezi pa mwezi. Ine ndikuti chitani pa chaka, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Tengani pepala lalikulu, lembani miyezi 12 motsika. Pa mwezi uliwonse lembani zolipira zazikulu zimene mukudziwa kuti zidzabwera: fizi ndi yunifolomu, kukonza nyumba nyengo yoipa isanafike, ziphaso zofuna kukonzanso, zikondwerero zimene banja lanu silingazembe, miyezi imene chakudya chimakwera mtengo. Onjezani mzere wa zosadziwika tsiku koma zodziwika kuti zibwera ndithu. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, komabe palibe banja limene limatha chaka popanda wodwala kapena chinthu chothyoka. Tsiku lake ndiye lobisika, kubwera kwake ayi. Phatikizani zonsezo, gawani ndi 12. Chiwerengero chotulukapocho ndi bilu ya mwezi uliwonse ngati lendi, ngakhale palibe munthu wodzagogoda pakhomo kudzaitenga.

Anthu ambiri akafika apa amakhumudwa, chifukwa amaona kuti ndalama imene ankaiyesa yotsala m'miyezi yabwino inali kale ya mwezi wina. Kukhumudwa kumeneko n'kothandiza. Kuli bwino kudziwa mu Januwale kuti chaka chino chikuperewera ndi zakutizakuti, mukadali ndi miyezi yofunafuna ganyu kapena yosintha nyumba, kusiyana n'kudzazindikira tsiku lotsegulira sukulu.

Pali kamsampha ka masamu kamene kamakola ngakhale anthu osamala. Amawerengera chakudya cha mlungu, n'kuchulukitsa ndi 4 kuti apeze cha mwezi. Koma 4 kuchulukitsa ndi 12 ndi 48, pamene chaka chili ndi milungu 52. Milungu inayi yathunthu imakhala yopanda ndalama yake, ndipo ndi imene imachititsa kuti masiku omaliza a mwezi azikhala ouma nthawi zonse. Chulukitsani cha mlungu ndi 52, kenako gawani ndi 12.

Nanga amene ndalama zawo zimabwera mosiyanasiyana, a geni, a maganyu, alimi? Iwo asakonze bajeti potengera mwezi wapakatikati. Ayang'ane chaka chatha, apeze miyezi imene anapeza zochepa kwambiri, ndipo moyo wa tsiku ndi tsiku aukonze pa mlingo umenewo. Zopitirira pamenepo m'miyezi yabwino n'zodzadzilipira nazo m'miyezi yowuma. N'zowawa kudya mosinira pamene ndalama ili m'manja, ndipo sindinganame kuti aliyense amakwanitsa.

Kufooka kwa njirayi n'koonekeratu: zonse zili papepala. Pepala silingagwire dzanja la munthu.

Maenvelopu ndi bokosi

Apa ndi pamene njira yakale ya maenvelopu imalowera. Ndalama ikalowa, imagawidwa m'maenvelopu olembedwa mayina: chakudya, lendi, mayendedwe, sukulu, chipatala. Envelopu ikatha, chinthucho chatha mpaka ndalama ina idzalowe. Katswiri wa zachuma Richard Thaler, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2017, anafotokoza kuti anthu saona ndalama zonse mofanana. Ndalama imene yapatsidwa dzina mtima umaiopa kuigwiritsa ntchito ina. Akatswiri ena amati kumeneko n'kusaganiza bwino, poti ndalama ndi ndalama basi. Kwa munthu wosowa, "kusaganiza bwino" kumeneko ndi chitetezo.

Kumadzulo kwa Kenya, Pascaline Dupas ndi Jonathan Robinson anapatsa anthu tibokosi tachitsulo tokhala ndi loko, kiyi n'kuwasiyira eni ake. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2013, zinaonetsa kuti kungokhala ndi malo otetezeka osungiramo kunakweza ndi 66 peresenti ndalama zimene anthu anaika pa zaumoyo. Chochititsa chidwi n'chakuti bokosi limene kiyi wake ankasunga munthu wina silinathandize anthu ambiri chimodzimodzi. Munthu wosowa amaopa kutsekera ndalama pamalo pamene sangaitenge mwana akadwala usiku. Mpanda wabwino ndi wokuchedwetsani pang'ono kuti muganize kawiri, osati wokutsekerani kunja.

Bokosi limathandizanso pa nkhani imene mabajeti a m'mabuku saikhudza: achibale ndi anzanu opempha. Kunena kuti "ndilibe" ndalama ili m'thumba n'kovuta, ndipo mwina n'kunama. Kunena kuti "imene ilipo ndi ya fizi" n'zoona, ndipo wopemphayo amamvetsa. Banja lanzeru limaikanso envelopu yaing'ono yothandizira ena, chifukwa amene mukumuthandiza lero ndi amene adzakuthandizeni mawa, ndipo kwa anthu opanda inshuwalansi ubale umenewo ndi chuma.

Zofooka zilipo. Ndalama yosungidwa m'nyumba imabedwa, imapsa. Mitengo ikamakwera msanga, imasungunuka ili m'bokosi momwemo: zinthu zikakwera ndi 20 peresenti pa chaka, 100 yanu imagula zimene 83 inkagula. Ndiponso chizolowezi cha "ndingobwereka pang'ono mu envelopu ya lendi" chimapha njira yonse m'miyezi iwiri. Chothandiza n'kuchepetsa maenvelopu, asapitirire asanu kapena asanu ndi imodzi, ndipo ya chakudya muigawe pa mlungu. Envelopu ya mwezi wonse imaoneka yonenepa pa 3, n'kudzapezeka yopanda kanthu pa 22. Ya mlungu ikatha Lachisanu, mwangovutika masiku awiri okha. Amene amakonda kusunga pafoni kapena kubanki angachite zomwezo potsegula akaunti yachiwiri, bola ayambe afunsa za ndalama zodulidwa mwezi ndi mwezi, chifukwa pa ndalama yochepa zodulidwazo zimatha kuposa chiwongoladzanja chimene banki ikukupatsani.

Kusunga pagulu

Chipereganyu chilipo pafupifupi kulikonse padziko lapansi: ku Mexico amati tanda, ku West Africa ndi ku Caribbean susu, ku South Africa stokvel. Aliyense amasonkha zofanana, ndipo mmodzi amatenga zonse mosinthana. Mphamvu yake ndi manyazi: munthu amene angadzinamize yekha sangafune kukhumudwitsa anzake khumi. Chimasandutsa tindalama ting'onoting'ono kukhala mulu wokwanira kulipira chinthu chachikulu. Koma tsiku lolandira silisuntha mosavuta, chiwongoladzanja palibe, ndipo wolandira koyambirira akathawa, omaliza ndi amene amalira. Ngati mukulowa, pemphani kuti tsiku lanu ligwe pafupi ndi mwezi wolemera pa pepala lanu la chaka lija. Kulandira mulu wa ndalama mwezi umene mulibe cholipira chachikulu ndi njira yachidule yoti ithere pa zosakonzekera.

Banki m'khonde ndi yosiyana. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991. Mamembala amagula masheya, amabwerekana pa chiwongoladzanja chimene agwirizana, ndipo pakutha pa miyezi 9 mpaka 12 amagawana zonse pamodzi ndi phindu. Magulu ambiri amakhalanso ndi kathumba ka zadzidzidzi. Imasinthika kuposa chipereganyu, chifukwa mutha kubwereka pamene mwapanikizika. Choopsa chake chili pomwepo. Gulu limene limakakamiza membala aliyense kubwereka kuti phindu likule limasandutsa wosunga kukhala wangongole, ndipo ena amafika pobwereka kugulu lina kuti abweze kugulu loyamba. Musanalowe funsani ngati n'kololedwa kungosunga osabwereka.

Ndiye tisankhe iti? Palibe imodzi mwa njirazi imene imakwana payokha, koma sizilemera mofanana. Ine ndingaike patsogolo pepala la chaka, chifukwa popanda ilo njira zinazo sizidziwa chimene zikusungira. Pambuyo pake maenvelopu a mlungu, kenako malo amodzi ovuta pang'ono kutapamo, kaya bokosi, akaunti kapena gulu, a zolipira zikuluzikulu zija. Kope ndi la miyezi yoyamba yokha. Maperesenti asiyireni amene ali ndi zotsala. Ndipo ngati muli awiri pakhomo, pepalalo mulembere limodzi, chifukwa bajeti yodziwa munthu mmodzi imasanduka mlandu wa "ndalama ija yapita kuti?"

Kudula pati?

Kugawa bwino sikuchulukitsa ndalama. Ngati pepala laonetsa kuti chaka chikuperewera, penapake payenera kudulidwa, ndipo apa anthu amagawikana pawiri. Ena amayamba ndi tinthu ting'onoting'ono tosangalatsa. Ena amalimbana ndi zitatu zikuluzikulu: nyumba, chakudya, mayendedwe.

Tiyerekeze banja limene pa 100 iliyonse, 30 imapita ku lendi ndipo 4 ku tosangalatsa. Likadula theka la tosangalatsato, lapulumutsa 2, ndipo kudzimanako lizikumva tsiku lililonse. Likapeza nyumba yotsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, lapulumutsa 3, mwa chosankha chimodzi chokha chosafuna kubwerezedwa mawa. Zazikuluzo n'zovuta kuyamba koma zikachitika zachitika. Samalani chabe kuti nyumba ndi mayendedwe ziwerengedwe pamodzi. Nyumba yotchipa yakutali imene ikufuna kuti anthu awiri azikwera galimoto kawiri pa tsiku itha kukhala yodula kuposa yapafupi.

Tosangalatsa tija musatidule tonse. Bajeti yopanda kachisangalalo ngakhale kamodzi imatha ndi tsiku limodzi la kusakaza, munthu atatopa n'kudzimana. Kandalama kochepa koti aliyense agwiritse ntchito osafunsidwa n'kotsika mtengo kuposa tsiku limenelo.

Pa chakudya mkangano waukulu ndi wa kugula zambiri nthawi imodzi kapena pang'onopang'ono. Kugula mopikula kumatsitsa mtengo, ndipo pamene mitengo ikukwera msanga, zinthu zouma zosungika zimasunga mphamvu ya ndalama kuposa ndalamayo. Komabe kumafuna mpamba umene wosowa alibe, malo ouma osungira, ndi mtima wolimba, poti chinthu chikachuluka m'nyumba dzanja limapungula mowolowa. Zimene zimawonongeka msanga n'zosayenera kupikula ngakhale zitatchipa bwanji. Njira yapakati ndi yosonkherana mabanja awiri kapena atatu, kugula chachikulu n'kugawana, kapena kupikula chinthu chimodzi chokha mwezi uno, china mwezi wamawa, mpaka zonse zosungika zitalowa m'ndondomeko. Muyezo wa mlungu upungulidwe n'kuikidwa padera, chachikulucho chitsekedwe.

Za kugula cholimba kapena chotchipa sindichedwapo. Chimene mumagwiritsa ntchito tsiku lililonse, monga nsapato zakuntchito kapena mphika, chikhale cholimba ngakhale chikhale chogwiritsidwapo kale ntchito. Babu la LED limadya magetsi ochepa ndi magawo atatu mwa anayi poyerekeza ndi babu lakale la kawaya, ndipo limakhalitsa. Zovala za mwana amene akukula msanga zisakudyereni ndalama. Koma mankhwala amene dokotala walemba, madzi abwino akumwa, ndi kukonza kabowo ka padenga kasanakule, izi kuzidula n'kungosamutsira bilu kutsogolo itakula.

Ngongole iti iyambe kubwezedwa?

Mabanja ambiri amayamba bajeti ali kale ndi ngongole zingapo. Njira ziwiri zimapikisana. Yoyamba ndi yolimbana ndi ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, zinazo mukungolipira zochepa zimene munagwirizana. Yachiwiri ndi yoyamba ndi ngongole yaing'ono kwambiri, kuti ithe msanga mtima ulimbe, kenako yotsatira. Pamasamu yoyamba imapambana nthawi zonse. Yachiwiri imathandiza munthu amene wataya mtima, ndipo pamene ziwongoladzanja sizikusiyana kwenikweni, kutayapo pang'ono chifukwa cha chilimbikitso si kulakwa.

Pakakhala katapila, palibenso zokambirana. Ngongole ya 10 peresenti pa mwezi, chiwongoladzanja chikamaberekanso, imasandutsa 100 kukhala pafupifupi 314 pakutha pa chaka. Ya 20 peresenti pa mwezi imaifikitsa pafupi ndi 892. Palibe kusinira pa chakudya kumene kungathamange liwiro limenelo. Nthawi zonse funsani ngati peresenti imene akutchula ndi ya pa mwezi kapena ya pa chaka, chifukwa obwereketsa amakonda kutchula chiwerengero chooneka chaching'ono.

Funso lovuta ndi lakuti munthu wangongole asunge kapena abweze kaye. Masamu amati abweze. Koma amene wapereka ndalama yonse kungongole n'kutsala opanda kalikonse, mwana akadwala amabwerera kwa wobwereketsa yemwe uja, pa chiwongoladzanja chomwe chija. Kathumba kokwanira ulendo wa kuchipatala ndi chakudya cha mlungu umodzi kayambe kakhalapo, zotsala zonse n'kupita kungongole yoluma kwambiri. Ndipo mukaona pa pepala lanu kuti mwezi wakutiwakuti simudzakwanitsa kulipira, pitani kwa mwini ndalama kapena mwini nyumba tsikulo lisanafike, mutatenga gawo limene mungathe ndi tsiku lenileni limene mudzamalize zotsalazo.